Masiku asanu ndi limodzi m'mabwinja a malinga a ku Wales, ine ndi amalume

Lolemba, Conwy

Tanyamuka ku Manchester cha m'ma 8 koloko m'mawa, ine ndi amalume. Iwo anabwera kuno mwezi watha monga ankhoswe pa ukwati wa mng'ono wanga, ndipo kwatsala milungu iwiri kuti abwerere ku Phalombe. Chithereni ukwati akhala akungobindikira m'nyumba, ine ndili ku ntchito. Nditapatsidwa tchuthi cha sabata imodzi ndinawafunsa komwe akufuna kukaona, ndikuganiza kuti atchula London. Iwo anati, "Mwanawe, ine ndagwira njerwa zaka 40. Kandionetse zimene anamanga amisiri anzanga akale." Ana ndawasiya ndi bambo awo, ife tagwira msewu wa A55 kulowera kumpoto kwa Wales.

Ukangowoloka mtsinje wa Conwy, lingalo limakutulukira pamaso, nsanja zisanu ndi zitatu zili njo pathanthwe. Amalume anasiya nkhani imene amakamba ili pakati.

Analimangitsa ndi Edward I, mfumu ya England. Kalonga wa ku Gwynedd, dziko la kumpoto kwa Wales, Llywelyn ap Gruffudd, ataphedwa ku Cilmeri mu Disembala 1282, Edward anatsimikiza kuti anthu a kuno asadzadzutsenso mutu. Ntchito inayamba mu 1283 ndipo pofika 1287 linga linali litaima, pamodzi ndi khoma lozinga tauni yonse, lotalika makilomita 1.3, la nsanja 21 ndi zipata zitatu. Zonsezi zinadya mapaundi pafupifupi 15,000 a nthawi imeneyo. Nditawawerengera zimenezi, amalume anapukusa mutu. Anati zaka zinayi n'zochepa, makamaka poti matope ake anali a laimu, ndipo laimu safuna chisanu choundana. Kunena kwake, miyezi yozizira ntchito inkaima. Anatsimikiza okha kuti anthu amene anagwira pano anali khwimbi, ndipo sanabwere onse mwa kufuna kwawo. Ananena zoona. Okumba, osema miyala ndi akalipentala ankatengedwa mokakamiza m'zigawo zosiyanasiyana za England, n'kusonkhanitsidwa ku Chester asanawabweretse kuno.

Ine ndikanakhala ndekha ndikanangokwera nsanja, kujambula zithunzi n'kumapita. Kuyenda ndi mmisiri n'kwina. Anandiimitsa patsinde pa nsanja ina n'kundilozera timabowo tam'khoma. Ndi momwe ankalowetsa mitengo yokwerapo amisiri. Koma timabowoto sitili mumzere wopingasa monga amachitira kwathu. Tikukwera mopendekera, kuzungulira nsanja. Amalume anayang'ana nthawi yaitali, kenako anaomba m'manja kamodzi. "Apa sanali makwerero. Inali njira yotsetsereka, ankakoka miyala pamatabwa mpaka pamwamba." Ndi mmene akatswiri amafotokozera, ndipo amati luso limeneli linachokera ku Savoy, dera la kumapiri a pakati pa France ndi Italy, kwawo kwa James of St George, mkulu wa amisiri a Edward. Amalume atulutsa kope lawo n'kujambulamo timabowoto.

Lero makomawa ndi otuwa, koma ali atsopano anapakidwa laimu, oyera mbee. Tangoganizani munthu wa kuno ataima paphiri ndi nkhosa zake, n'kumaona chinthu choyera chotere pamalo pamene kale panali manda a mafumu ake. Mutauni ya m'kati mwa khomayi anaikamo anthu ochokera ku England, eni nthaka akukhala kunja. Amalume atamva zimenezi anati, "Ndiye boma limeneli." Sanalakwitse. Liwu lathu loti boma linayambira pa mpanda wa asilikali, ndipo mpaka lero timatchula nalo ulamuliro wonse.

Tinayenda pamwamba pa khoma la tauni madzulo. Pafupi ndi chipata cha Mill Gate pali zimbudzi 12 zotulukira kunja kwa khoma, zondandalikana bwinobwino, zomwe anamangira alembi a mfumu. Amalume anaseka mpaka kupukuta misozi. Koma nkhani imene yawakomera koposa ndi ya 1401. Tsiku Lachisanu Loyera, asilikali ali kutchalitchi, anthu a Rhys ndi Gwilym ap Tudur, eni dziko oukira mfumu ya England, anadzionetsa pachipata ngati akalipentala odzakonza zinthu, napha alonda, nalanda linga lonseli. Khoma lokhuthala chonchi, chitsime chakuya mamita 28 kuti adani akazinga madzi asasowe, koma linagwa chifukwa mlonda anatsegulira mmisiri.

Tagona m'kanyumba ka alendo m'kati mwa khoma. Ufa tinanyamula, ndipo taphika nsima.

Lachiwiri, Deganwy, Llanrwst ndi Dolwyddelan

Lero tafuna za eni dziko.

Kutsidya kwa mtsinje, moyang'anana ndi Conwy, kuli timapiri tiwiri pamwamba pa nyumba za ku Deganwy. Palibe wolipiritsa pakhomo, palibenso sitolo ya zikumbutso. Timakwera m'kanjira ka nkhosa. Pamwamba tapeza zidutswa zochepa za khoma, maenje ndi timitumbira tomera udzu. Munthu wosadziwa akhoza kudutsa osacheuka. Komatu malo amenewa ndi akale kuposa Conwy. Mbiri imati apa ndi pomwe ankakhala Maelgwn, mfumu ya Gwynedd ya m'zaka za m'ma 500, ndipo ofukula zakale atakumba m'ma 1960 anapeza zidutswa za mitsuko yochokera kumaiko a ku nyanja ya Mediterranean. Zinandikumbutsa Mankhamba, likulu la a Kalonga kufupi ndi Mtakataka, komwe anafukula mikanda ya galasi ndi zidutswa za mbale za ku China. Nako ukafika umangoona minda. Phale lapansi ndi limene limaulula kuti anthu ake ankachita malonda ndi maiko akutali.

Henry III, bambo wake wa Edward, anamanga linga lake pano m'ma 1240. Llywelyn ap Gruffudd analigwetsa mu 1263, ndipo analigwetsadi, n'chifukwa chake pangotsala zibenthu. Titaima pamenepo Conwy imaoneka yonse pansi pathu, ndi milatho yake itatu: wa Thomas Telford wa 1826, wa sitima wa Robert Stephenson ndi wa magalimoto.

Dzulo tinalowa m'tchalitchi cha St Mary pakati pa tauni ya Conwy, koma nkhani yake ndaisungira lero. Edward asanabwere, pamalo pamenepo panali nyumba ya amonke ya Aberconwy, ndipo m'menemo ndi momwe anaika Llywelyn Wamkulu, amene anamwalira mu 1240, agogo ake a Llywelyn ap Gruffudd. Edward anasamutsa amonkewo kupita nawo ku Maenan, kumtunda kwa chigwa, kuti apeze malo a tauni yake. Iwo ananyamula mtembo wa kalonga wawo. M'ma 1530, Henry VIII atatseka nyumba za amonke, mafupawo anasowa. Chimene chinatsala ndi theka lapansi la bokosi la mwala, ndipo lili m'tchalitchi cha St Grwst ku Llanrwst.

Tinalipeza pansi m'kachipinda kopemphereramo, lopanda chivundikiro, m'kati muli mbee. Amalume anavula chipewa. Anaima chete nthawi yaitali, manja kumbuyo, monga amaimira kumanda kwathu. Titatuluka anati, "Kulanda munda timadziwa, milandu yake timakamba. Koma kusamutsa manda a mfumu kuti umangepo msika, ameneyo amafuna anthu aiwale kuti anali ndi mwini." Sindinayankhe. Ndimaganiza za manda a amayi ku Phalombe, omwe sindinawaone zaka zinayi tsopano.

Masana tinapitirira ku Dolwyddelan, m'chigwa cha Lledr, kunsi kwa phiri la Moel Siabod. Linga limeneli anamanga ndi Llywelyn Wamkulu mwiniwake kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1200. Ndi laling'ono: nsanja imodzi ya ngodya zinayi pachitunda, ndi chigumukire cha ina. Mbali yapamwamba ya nsanjayo inakonzedwanso m'ma 1800, ndipo amalume anaona okha pomwe mwala wakale ukuthera. Malinga a Edward ali m'mbali mwa nyanja kuti zombo zizibweretsa chakudya. A eni dziko ali m'mapiri, pa mipata ya njira ndi pa mabusa, poti chuma cha akalonga a kuno chinali ng'ombe. Asilikali a Edward analanda Dolwyddelan mu Januwale 1283, patangotha mwezi umodzi Llywelyn ap Gruffudd ataphedwa.

Chitunda chake chawapweteka mawondo amalume. Ndawagulira mankhwala opaka.

Lachitatu, chilumba cha Anglesey

Eni ake amati Ynys Môn. Tawoloka pa mlatho wina wa Telford, nawonso wa 1826, n'kukhotera kudzanja lamanja kupita ku Beaumaris.

Ili ndi linga lomaliza la Edward kuno, loyambidwa mu 1295. Palibe thanthwe, anamanga padambo, ndipo dzina lakelo ndi Chifalansa chakale chotanthauza dambo lokongola. Poti malo anali athyathyathya, James of St George anajambula chimene mtima wake unkafuna: khoma m'kati mwa khoma, mbali zonse zofanana, ngalande ya madzi kuzungulira, ndi doko loti chombo chizifika pakhomo penipeni. Mdani akadutsa khoma lakunja amapezeka m'kampata, mivi ikumugwera kuchokera pa khoma lam'kati lomwe ndi lalitali. Amalume anayenda kuzungulira kawiri akuwerenga mapazi, ndipo anabwerako akumwetulira. Anati munthu ameneyu chingwe ankachidziwa.

Komabe lingali ndi lalifupi, ngati munthu wokhala pansi. Nsanja zake sizinafike pomwe zinayenera kufika. Ndalama zinapita ku nkhondo ya ku Scotland. Pali kalata imene James ndi mnzake analembera osunga chuma cha mfumu mu 1296, ndipo ndinawawerengera amalume m'Chichewa. Akuti pantchitoyo pankafunika amisiri a miyala 400, owathandiza 2,000, ophwanya miyala 200, osula zitsulo 30, ngolo zazing'ono 100, zazikulu 60, ndi mabwato 30 otuta miyala ndi malasha. Kenako akudandaula kuti malipiro achedwa kwambiri, ndipo akuvutika kuwagwira anthuwo kuti asathawe chifukwa alibe chodya.

Amalume anakhala pabenchi. Anandiuza za chaka china pomwe anamanga nyumba zogona ana asukulu pansi pa kontirakitala wina, miyezi itatu osalandira kanthu. Iwo anali kapitawo, ndiye anyamata ankabwera kwa iwo madzulo aliwonse. Anagulitsa njinga yawo kuti agule matumba awiri a chimanga n'kugawira anyamatawo. Nkhani imeneyi sindinaimvepo chibadwire. "Kalata imeneyo ndikuidziwa," anatero. "Ndinailembapo." Kenako analoza nsanja zija n'kuti, "Nyumba yothera pa lintala. Kwathu zilipo zambiri."

Makilomita osakwana awiri kuchokera apa pali Llanfaes. Tinapitako, ndipo tinapeza tchalitchi, nyumba zowerengeka ndi minda. Beaumaris isanakhaleko, Llanfaes ndiyo inali doko lalikulu la malonda la akalonga a Gwynedd. Llywelyn Wamkulu anamangitsa nyumba ya amonke pamenepa pokumbukira mkazi wake Joan, mwana wa mfumu John ya England, amene anamwalira mu 1237. Edward sanafune tauni ya eni dziko pafupi ndi yake, choncho anasamutsa anthu ake kupita kutsidya lina la chilumba, kumalo amene anawatcha Newborough. M'khonde la tchalitchi cha ku Beaumaris muli bokosi la mwala lomwe anthu amati ndi la Joan. Kwa zaka zambiri linkagwira ntchito ngati chomweramo akavalo.

Tinatsata njira ya anthu osamutsidwawo mpaka ku Newborough, ulendo wa theka la ola pagalimoto. Iwo anayenda pansi ndi ana ndi katundu. Kunja pang'ono kwa mudziwo, pamsewu wopita kunyanja, kuli munda wina wa udzu, ndipo m'menemo muli Llys Rhosyr.

Pa zonse zimene taona kufika lero, apa ndi pomwe pandigwira mtima. Ndi bwalo la akalonga a Gwynedd. Iwo sankakhala malo amodzi, ankayendera mabwalo awo m'dziko lonse, kuweruza milandu ndi kulandira mitulo. Nyumba zake zinali za mitengo pa maziko a miyala. Edward atagonjetsa dziko bwaloli linasiyidwa, ndipo m'ma 1330 mphepo yamkuntho inalikwirira ndi mchenga. Linagona pansi zaka zoposa 600, dzina lokha la mundawo likukumbukirabe, mpaka ofukula zakale a Gwynedd Archaeological Trust anayamba kukumba mu 1992. Zimene zikuoneka ndi maziko osafika m'mawondo: holo yaikulu, chipinda chapambali, khoma la mpanda. Mbali yaikulu ikadali pansi pa nthaka.

Tinali awiriwiri, ndi mphepo. Amalume analowera pakhomo penipeni, sanalumphe maziko ngakhale ndi afupi chotero. Anati pabwalo la mfumu salowera pambali. Ndinawauza kuti anthu a m'midzi yozungulira ndi amene ankakakamizidwa kumanga ndi kukonza nyumba zimenezi, ndiponso kudyetsa kalonga ndi gulu lake akabwera. Anati, "Thangata ndi wakale, mwanawe. Asanabwere azungu a minda ya fodya, tinkalimira mfumu yathu. Kusiyana kwake, mfumu yako umakumana nayo pamaliro." Sindikugwirizana nawo kwathunthu. Kwa mayi amene watengeredwa nkhuku yake yomaliza, sindikhulupirira kuti zimapepuka chifukwa wotengayo amayankhula chinenero chake. Tinakambirana zimenezi njira yonse yobwerera, ndipo palibe amene wagonja.

Lachinayi, Caernarfon

Mvula kuyambira m'bandakucha.

Caernarfon sanaimangire nkhondo yokha, anaimangira maso. Nsanja zake si zozungulira ngati za ku Conwy, zili ndi ngodya zambiri, ndipo m'khoma muli mizere ya miyala ya mtundu wina, ngati mkanda. Akatswiri ena amati Edward ankatsanzira makoma a Constantinople kuti azioneka ngati mfumu ya Aroma. Pamwamba pa nsanja yaikulu, Eagle Tower, anaikapo ziwombankhanga zosema. Mwana wake anabadwira kuno mu Epulo 1284, ndipo mu 1301 anamupatsa udindo wa Kalonga wa Wales. Kuyambira pamenepo dzina limene linali la eni dziko linasanduka la mwana wa mfumu ya England. Charles, mwana wa Mfumukazi Elizabeth II, anavekedwa udindo umenewu m'bwalo lomweli mu 1969.

Kunja n'kochititsa mantha, koma m'kati ndi chigoba. Amalume anandionetsa miyala yotuluka m'mphepete mwa makoma, imene iwo amati mano, yomwe mmisiri amasiya kuti khoma lina lidzalumikizike. Makoma enawo sanabwere. Ntchito inakoka mpaka cha m'ma 1330 n'kuima.

Mu 1294 lingali lisanathe, anthu a kuno anaukira motsogozedwa ndi Madog ap Llywelyn. Chinawapsetsa mtima ndi msonkho, komanso kutengedwa kwa amuna kukamenya nkhondo ya Edward ku France. Analowa mutauni, anatentha zimene zikanapsa, napha nduna ya mfumu Roger de Pulesdon. Edward mwiniwake anatsekeredwa ku Conwy m'nyengo yozizira imeneyo. Msonkho ndi nkhondo ya anthu ena: amalume anangotchula dzina la Chilembwe ndi chaka cha 1915, osaonjezerapo kanthu.

Mvula itachepa tinakwera mtunda kupita ku Segontium, mphindi 15 kuyenda pansi. Ndi linga la Aroma, lomangidwa cha m'ma 77, ndipo munkakhala asilikali pafupifupi 1,000. Aroma anakhalapo zaka zoposa 300. Lero ndi mizere ya maziko m'kapinga, msewu wa magalimoto ukudutsa pakati, nyumba za anthu kuzungulira. Mayi wina amayendetsa galu wake pomwe panali nyumba ya mkulu wa asilikali. Ena mwa miyala ya pano anaitutira kumunsi kukamangira linga la Edward.

Koma chimene ndikufuna kulemba kwenikweni lero ndachimva ndi makutu. Tinalowa m'kanyumba ka tiyi kuthawa mvula, ndipo aliyense m'menemo amayankhula chinenero cha kuno, chimene eni ake amati Cymraeg. Mtsikana wogulitsa, anyamata a yunifolomu ya sukulu, agogo awiri pakona. Kwa ife anatembenukira ku Chingerezi, atatha anabwerera ku chawo. Amalume anandifunsa kuti anthuwa ndi ochokera dziko liti. Ndinati ndi eni ake a pano, ndipo akuyankhula chinenero chomwe chija ankayankhula Llywelyn. Anasuzumira pawindo kuyang'ana khoma lija, n'kuyang'ananso anyamatawo. M'zaka za m'ma 1800, m'sukulu zina za kuno mwana akayankhula Cymraeg ankamukoleka kathabwa m'khosi, ndipo wotsala nako pomaliza ankakwapulidwa. Ifenso kusekondale tinkalangidwa tikagwidwa tikuyankhula Chichewa.

Kenako amalume anandifunsa funso lomwe ndakhala ndikuliopa chibwerereni iwo. "Nanga ana ako aja, bwanji ndikawalonjera amandiyankha m'Chingerezi?" Ndinayamba kufotokoza za sukulu, za mashifiti ausiku, za anzawo. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Anati, "Anthu awa anawamangira chimpanda chonchi pakhomo, koma sanasiye. Iwe wakumangira ndani?" Zandiwawa, ndipo ndalephera kumaliza tiyi. Usiku uno ndaimbira ana pa WhatsApp ndipo ndayankhula nawo Chichewa chokhachokha. Wamkulu amamva zambiri kuposa mmene ndimaganizira. Wamng'ono anangoti duu, kenako anafunsa bambo ake kuti amayi akuti chiyani.

Lachisanu, Dolbadarn

Tsiku lalifupi, mawondo a amalume atupa. Ndinkafuna tikwere ku Tre'r Ceiri, mudzi wa paphiri wa nthawi ya Aroma asanafike, komwe kukadali maziko a nyumba zozungulira za miyala pafupifupi 150. Tasiya.

M'malo mwake tapita ku Llanberis, kunsi kwa Yr Wyddfa, phiri lalitali koposa ku Wales, la mamita 1,085. Amalume atamva kutalika kwake anati Sapitwa akhoza kulibereka kumbuyo. Linga la Dolbadarn lili pakachitunda pakati pa nyanja ziwiri, Padarn ndi Peris. Nalonso ndi la Llywelyn Wamkulu: nsanja imodzi yozungulira, yomangidwa bwino ndi laimu, ndi makoma akunja omwe anangosanja miyala popanda matope. Amalume anagwirako ntchito ku Masvingo m'ma 1980 ndipo anakaona Great Zimbabwe. Akuti kusanja kwa kuno sikungafanane ndi kwa kumene kuja, komwe khoma lopanda matope limafika mamita 11, ndipo linamangidwa m'nyengo yomweyi. Ananena monyadira, ndipo ine ndinanyadira nawo.

Mbiri imati munsanja imeneyi Llywelyn ap Gruffudd anatsekeramo mkulu wake, Owain Goch, zaka zoposa 20 atamugonjetsa pa nkhondo ya ku Bryn Derwin mu 1255. Mng'ono wawo Dafydd anakhalapo mbali ya Edward asanatembenuke, ndipo mapeto ake anaphedwa mwankhanza ku Shrewsbury mu 1283. Dzulo ndi dzana mtima wanga unali ndi akalongawa kotheratu. Lero ndaima m'chipinda chimene munthu anasungiramo m'bale wake wa bere limodzi, ndipo chifundo changa chasamukira kwa abusa a ng'ombe amene ankalipira nkhondo za pachibalezi.

Kutsidya kwa nyanja phiri lonse ndi losemedwa masitepe. Ndi mgodi wa Dinorwig, womwe unatsekedwa mu 1969. Ankakumbamo mwala wa sileti wofolerera nyumba. Amalume anatola kachidutswa m'njira, nalembapo dzina lawo ndi kamwala kena monga ankachitira ali sitandade 1, kenako anakabweza pomwe anakatola.

Loweruka, Criccieth ndi Harlech

Ku Criccieth tinangoima pang'ono. Linga lili pamutu wa thanthwe lolowa m'nyanja. Analiyamba ndi Llywelyn Wamkulu m'ma 1230, Edward analilanda mu 1283, ndipo anthu a Owain Glyndŵr, mtsogoleri wa eni dziko amene anaukira ulamuliro wa England, analitentha mu 1404. Kuchokera pamenepo Harlech imaoneka kutsidya kwa gombe, kadontho kotuwa paphiri.

Harlech ndiyo yawakomera amalume kuposa onse. Akuti Caernarfon ndi yodzionetsera, Beaumaris ndi yosatha, koma iyi mmisiri anaimaliza ndipo anagona tulo. Inatha mu 1289, ndipo mabuku a malipiro akusonyeza kuti m'chilimwe cha 1286 panali anthu pafupifupi 950: amisiri a miyala 227, ophwanya miyala 115, osula 30, akalipentala 22 ndi othandiza 546. Amalume anawerengetsera pakope lawo kuti mmisiri mmodzi anali ndi othandiza awiri ndi kanthu, ndipo akuti ndi momwe iwonso amagawira anthu pa nyumba yosanja. Anthu onsewo anamanga malo oti azilondera asilikali osakwana 40. James of St George anapatsidwa udindo woyang'anira linga limeneli kwa zaka zingapo, ndipo ankakhala m'zipinda za pachipata chachikulu. Amalume anakondwa kumva kuti mmisiri anagonamo m'nyumba imene anamanga. Iwo amanga nyumba zosawerengeka za malata ndi matailosi, koma yawo anaimaliza ali ndi zaka 58.

Mu 1404 Owain Glyndŵr analanda Harlech n'kuisandutsa likulu lake. Kwa zaka zisanu linga lomangidwa kuti lipondereze anthu a kuno linali nyumba ya kalonga wawo, ndipo anachititsiramo msonkhano wa akuluakulu a dziko. Mu 1409 Angerezi analizinga mpaka njala inawagonjetsa a m'katimo. Glyndŵr anapulumuka ndipo sanagwidwe konse, koma mkazi wake Margaret, mwana wake Catrin ndi adzukulu anatengedwa kupita ku Tower of London. Ndinaima m'mabwinja a holo yaikulu, pomwe mawindo ake amayang'ana kunyanja, ndikuganiza za mayi ameneyo akuwerenga matumba a ufa otsala. Pambuyo pake lingali linazingidwanso m'ma 1460, ndipo mu 1647 linali lomaliza kugonja mwa malinga onse a mfumu Charles I pa nkhondo yapachiweniweni.

Kumbuyo kwake kuli masitepe 108 otsika thanthwe mpaka pachipata chapansi. Pamenepo ndi pomwe zombo zinkakocheza, ndipo pa kuukira kwa Madog chakudya chochokera ku Ireland chinkalowera pomwepo. Titasuzumira pansi sitinaone madzi. Pali njanji, nyumba, sukulu, bwalo la gofu, kenako milu ya mchenga, ndipo nyanja ili kutali cha uko. Mchenga ndi matope zinadzaza gombe pang'onopang'ono m'zaka mazana angapo. Amalume sanadabwe kwenikweni. Anati nyanja ya Chilwa itauma mu 1995 anaona mabwato atagona pamatope ong'ambika, asodzi akuyenda pansi pomwe ankaponya makoka. Kusiyana kwake, Chilwa inabwerera.

Tinakhala pakhoma mpaka woyang'anira anayamba kutseka. Amalume anandikumbutsa za Fort Lister, pampata wa pakati pa Mulanje ndi Michesi, linga limene atsamunda anamanga mu 1893 kuti atseke njira ya ogulitsa akapolo. Lili pafupi ndi kwathu, koma ine ndinapitako kamodzi kokha ndili pasukulu, ndipo chimene ndikukumbuka ndi udzu ndi njerwa zogumuka. Iwo akuti sanayambe ayang'anapo kamangidwe kake, ndipo akabwerera akwerako ndi anyamata awo awiri amene akuwaphunzitsa ntchito, mawondo akalola.

Mawa tinyamuka 7 koloko, poti Lolemba ndikulowa shifiti yausiku. Panopa amalume ali patebulo ndi magalasi awo, akujambulanso bwinobwino timabowo ta ku Conwy tija pa tsamba latsopano, ndi mivi yosonyeza komwe mwala unkadzera. Andiuza kuti ndijambule tsambalo pafoni ndi kutumizira anyamatawo usiku womwe uno, ndipo ndilembe pansi pake kuti asayambe khoma la kumpoto iwo asanafike.